Kudzutsa Datsun ya malemu bambo anga ku Salima

Loweruka, 6 Epulo 2024

Lero taichotsa pansi pa mtengo wa mango pamene yagona zaka pafupifupi 11. Tinalipo asanu: ine, mng'ono wanga, anyamata awiri a kabaza, ndi amdala, makaniko amene ndawapatsa ntchito yoikonza. Matayala onse anali ataphwa ndi kung'aluka, ndipo akumbuyo anakaniratu kuzungulira chifukwa mabuleki anamatirira m'madiramu. Amdala anagogoda madiramuwo ndi hamala mozungulira mpaka anamasuka. Tinabwereka matayala anayi akutha, tikumanga chingwe kungolo ya aneba, ndipo ng'ombe ziwiri zinaikoka mpaka kugalaja ya amdala, pansi pa mtengo wa nimu kufupi ndi Kamuzu Road.

Pa bulu buku inalembedwa kuti Nissan 1400 ya 1988, koma kwathu palibe anaitchulapo dzina limenelo. Ndi Datsun basi. Tipikapu timeneti tinkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria ku South Africa. Tipikaputi tinayamba kupangidwa mu 1971 ngati Datsun 1200, mu 1980 tinalandira injini yokulirapo ya 1400, ndipo fakitale inasiya kutipanga mu 2008. Zaka 37 galimoto imodzimodziyo, maonekedwe osasintha kwenikweni. Bambo anaigula kwa munthu mu 1994. Inanyamula usipa ndi utaka kuchokera ku Senga Bay kupita ku Lilongwe, mpunga wa ku Lifuwu, odwala usiku kupita nawo kuchipatala cha boma, ndi mabokosi a maliro a mudzi wonse. Fizi yanga ya kusekondale inatuluka m'menemu.

Mkati tapezamo zisa za nkhuku, nyumba za mavu pa dashibodi, ndi mawaya odyedwa ndi makoswe. Pansi pa mpando panali kabuku ka bambo kokutidwa ndi pepala la shuga. Ankalembamo tsiku lililonse losintha oyilo, mtunda umene yayenda, ndi sipeya iliyonse imene agula. Mzere womaliza ndi wa Okutobala 2013: "Yawira pa Mvera." Pambuyo pake mapepala ali mbee. Bambo anatisiya mu 2019 asanaikonze.

Loweruka, 20 Epulo

Tathira dizilo wosakaniza ndi oyilo m'mabowo a mapulagi, taisiya sabata ziwiri. Lero amdala aika sipanala pa pule ya kutsogolo, ndipo injini yazungulira. Mtima wanga unali m'mwamba, chifukwa ikanakhala yogwidwa, ntchito yonse ikanathera pomwepa.

Injiniyi ndi A14, ya 1397 cc, masilinda anayi. Buloko ndi yachitsulo, hedi ndi ya aluminiyamu, ndipo mkati imayendera tcheni, ilibe lamba wa taimingi woti ungaduke panjira. Ilibe kompyuta, ilibe sensa. Ukatsegula boneti umaona pansi, ndipo dzanja limafika paliponse. Amdala akuti, "Aphunzitsi, iyi ikadwala imanena yokha pamene pakupweteka. Zatsopanozi zimafuna wolosera wa laputopu."

Malume anadutsa pagalaja masana. Anaizungulira kawiri, osaigwira.

"Iwe mphwanga, ndalama ukuthira apazi ukanaonjezera n'kugula Sienta. Madzulo aliwonse imabweretsa kenakake. Ichi ugulitse kwa a zitsulo, akupimire pa sikelo."

Sindinawatsutse, chifukwa pa masamu akunena zoona. Sienta ndi Freed zimene zadzaza pa siteji ndizo zikudyetsa mabanja ambiri kuno. Ndinangowauza kuti, "Malume, ndamva. Ndiloleni ndiyese kaye mpaka mvula." Anapukusa mutu nkumapita.

Lachiwiri, 14 Meyi

Holide ya Kamuzu, ndiye ndakhala pagalaja tsiku lonse. Tachotsa hedi, ndipo chimene chinaiimitsa pa Mvera taona ndi maso: gasiketi inapsa pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu, hediyo inapindika pang'ono. Koma gwero lake lili kumadzi. Radiyeta yadzaza matope ndi dzimbiri, ndipo tizitsekero tiwiri ta m'mbali mwa buloko tinaboola. Bambo, monga madalaivala ambiri a nthawi yawo, ankathira madzi a pamjigo kapena a m'nyanja opanda mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo themositati, kachipangizo kosunga kutentha kwa injini pa mlingo wake, anaichotsa kalekale poganiza kuti kuno n'kotentha kale. Ambiri amatero mpaka lero. Ine ndibwezeretsa, chifukwa injini imafuna kutentha kwake koyenera, ndipo imene imangoyenda yozizira imadya mafuta ndi kudzidya yokha.

Munthu wochoka kuno kunyanja kupita ku Lilongwe pamsewu wa M14 amakwera zitunda zazitali ndithu. Onjezani dzuwa la Okutobala ndi katundu wa nsomba wopitirira hafu tani imene galimotoyi inapangidwira. Sindikuwaimba mlandu bambo. Ankathamangira msika.

Hedi ipita ku Lilongwe kukaisepa pa makina. Mapisitoni ali bwino, makoma a masilinda alibe mizere yozama. Tingosintha maling'i ndi mabeyaring'i.

Pagalaja pamenepa pamakhala bawo, ndiye anthu sasowa. Lero mkangano unabuka pa funso lakuti galimoto yeniyeni ya kale inali iti. Amdala sanyengerera: kwa iwo ndi Peugeot 504, ndipo Datsun akuikonza chifukwa cha ulemu wa bambo basi. Akuti 504 inkayandama pa msewu wa fumbi ngati bwato pa nyanja ya bata, inapambana mpikisano wa Safari ku Kenya mu 1975, ndipo ku Nigeria anapitiriza kuipanga zaka zambiri Azungu ataisiya. Bambo wina amene anagwirapo ntchito ku nkhalango ya Nkhotakota anati zonsezo n'zamasewera, galimoto ndi Land Rover, bode lake la aluminiyamu silichita dzimbiri. Wina anamuyankha kuti bode silichita dzimbiri, inde, nanga tchesi, nanga oyilo amene imadontheza paliponse yaima? Mnyamata wa minibasi anati onse akukalamba, Hilux ndiyo inathetsa nkhani. Anakangana mpaka bawo kuiwalika.

Ndinazindikira chinthu chimodzi ndikumvetsera. Palibe amene ankatchula liwiro kapena kukongola. Aliyense ankanena za tsiku limene galimotoyo inamufikitsa kwawo: mlatho utakokoloka, mkazi ali pa matenda a uchembere, fanibeloti itaduka n'kumangapo chingwe. Kuno galimoto yakale timaiyeza ndi zimenezo.

Loweruka, 1 Juni

Malipiro alowa, ndatumiza ndalama kwa msuweni wanga wa ku Johannesburg. Ubwino wa galimotoyi ndi umenewu: ku South Africa zidakali zambiri pamsewu, ndiye masipeya ake atsopano amapezeka m'mashopu. Ndaitanitsa gasiketi yonse, maling'i, pampu ya madzi, themositati, zida za kabureta, mapointi (tizitsulo totsegula ndi kutseka moto wa mapulagi) ndi kondensa. Zibwera pa basi. Kuchokera pamene Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, rand iliyonse ikuluma, moti ndasiya kaye zokongoletsa zonse.

Mayi a ana anandifunsa usiku, "Abambo, kodi ya feteleza mwaipatula?" Ndaipatula, ndipo ndawaonetsa. Tinapangana kuti galimoto isadye munda.

Loweruka, 15 Juni

Sabata ya dzimbiri. Apa ndipo pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikupempha aliyense wofuna kugula kapikapu ka mtundu umenewu amve bwino. Galimotoyi ilibe tchesi yapayokha ngati Hilux kapena Land Rover. Kebini, bokosi la kumbuyo ndi pansi pake zonse n'chinthu chimodzi. Pakawola pansi, mphamvu ya galimoto yonse yapita. Yathuyi inanyamula nsomba zaka pafupifupi 20, madzi ake akudonthera m'makona. Pansi pa bokosi paboola malo atatu, popondera dalaivala pali bowo loti phazi n'kulowa, ndiponso pamene pamagwira sipuling'i ya kumanzere pafooka.

Wowotcherera woyamba amene ndinamuitana anati timate ndi fila, tipente, palibe adzadziwe. Ndinakana. Ndaona magalimoto ambiri onyezimira kunja, ukagogoda ndi chala kumveka ngati khoma la dothi. Amdala anangoti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Tapeza mnyamata wina amene anaphunzira ntchito ku Salima Technical College. Iyeyu akudula chowola chonse mpaka pachitsulo chamoyo, akupinda chitsulo chatsopano molingana ndi mizere yake, ndiyeno kuwotcherera pang'onopang'ono kuti chisapindike ndi moto. Akuchedwa, magetsi akathima amaima, koma ntchito yake ndi yosangalatsa kuiona.

Loweruka, 6 Julayi

Dziko likukwanitsa zaka 60 lili pa ufulu, ife tili m'manja mwakuda kubwezeretsa hedi. Mwera ukuomba, fumbi lili paliponse, ndiye injini taifunditsa chitenje chakale cha amayi. Mabawuti a hedi amdala amamanga kuyambira pakati kupita kunja, katatu, pang'onopang'ono. Mavavu tawapatsa mpata wa 0.35 mm, tidzayezanso injini ikatentha. Mapointi 0.5 mm. Mawaya a mapulagi motsatira 1-3-4-2. Ndalemba zonsezi m'kabuku ka bambo, tsamba lotsatira mzere wa Mvera uja.

Mng'ono wanga ali ndi maganizo ake. Akufuna tichotse injiniyi tiikemo ya Toyota ya jekisoni, tiitsitse pansi, tiike malimu onyezimira ndi zokuzira mawu kumbuyo. Akuti ku South Africa anyamata amazikonza choncho, anandionetsa pa foni. Ndaona, n'zokongola, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu. Koma ndinamufunsa, "Iwe, ukaitsitsa pansi, ku Lifuwu nthawi ya dzinja udzadutsa bwanji? Nanga kompyuta ya injiniyo ikafa uli ku Thavite, adzakukonzera ndani?" Anati ndine wachikale. Tagwirizana kuti wailesi asankha iyeyo.

Loweruka, 10 Ogasiti

Kwabwera mlendo. Bambo wina wa ku Lilongwe, amene amabwera kudzapuma ku Senga Bay, anaima ataona Datsun ili pa majeke. Munthu waulemu, wodziwa magalimoto kuposa tonsefe. Anayang'ana nambala ya injini, anasisita chiwongolero, anakondwa kuona kuti mabaji onse ndi magalasi ake ndi enieni. Akuti kwake ali ndi magalimoto akale anayi: Mercedes-Benz W123, Volkswagen ya kachikumbu, Peugeot 404 ndi Land Rover. Onse amakhala m'nyumba yofolera, ofunditsidwa, amawaliza Lamlungu lililonse, ndipo amatuluka nawo mwa apo ndi apo pa ukwati kapena akakumana ndi anzake okonda zomwezo. Anatchula mtengo woti andigule nayo momwe ililimu. Inali ndalama yoposa zonse zimene ndathirapo.

Tinacheza nthawi yaitali, titakhala pa benchi ya bawo. Mfundo yake ndi yolemera, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Iye akuti magalimoto akale m'dziko muno akutha ngati mitengo ya mlombwa. Ogula zitsulo akuyenda mudzi ndi mudzi, ndipo galimoto imene inatumikira zaka 30 imaduladulidwa tsiku limodzi. Akuti pakapanda anthu osunga, adzukulu athu adzangoona pa zithunzi, ndipo kapikapu konga aka ndikakabwezera ku nsomba, m'zaka zisanu kadzawolanso.

Ndinamuyankha kuti, "Bwana, ntchito mukugwirayo ndi yabwino, ndipo Mulungu akudalitseni. Koma iyi sindigulitsa." Chifukwa changa ndi ichi. Magalimoto amene apulumuka kuno kumudzi sanapulumuke chifukwa chofunditsidwa. Apulumuka chifukwa wina ankawafuna m'mawa uliwonse, ndiye ankakakamizika kuwadziwa. Datsun iyi sinawonongeke kwambiri pa zaka 19 zimene inkagwira ntchito m'manja mwa bambo. Yawonongeka pa zaka 11 zimene inangokhala: mabuleki kumatirira, mawaya kudyedwa, mipira kuuma. Ndiponso ikakatsekeredwa kumpanda ku Lilongwe, mwana wa pa Kamuzu Road sadzaonanso momwe mapointi amatsegukira, ndipo nzeru za amdala zidzapita nawo kumanda. Pano pali anyamata awiri amene akuphunzira pa injini imeneyi. Mmodzi dzulo anatchera taimingi yekha ndi babu ndi waya.

Za nsomba ndamumvera. Sindidzanyamulanso zonyowa popanda pulasitiki yokhuthala pansi, ndipo ndidzatsuka tsiku lomwelo. Tinasiyana bwino. Anandisiyira nambala, ndipo analonjeza kuti akapeza magalasi a mainjiketa akutsogolo adzandiimbira. Amdala anamusunga theka la ola lina kumufunsa za 404 yake, maso ali ngwee ngati mwana.

Usiku sindinagone msanga. Ndalama ija ikanamaliza denga la nyumba. Ndinawauza mayi a ana zonse, osabisa mtengo. Anakhala chete, kenako anati, "Mukaigulitsa, apongozi mukawauza chiyani?"

Loweruka, 31 Ogasiti

Yalira!

Nthawi inali cha m'ma 4 koloko madzulo. Batire tinabwereka ya minibasi, petulo tinaika m'botolo pamwamba pa kabureta. Kawiri inangotsokomola. Kachitatu inagwira, utsi wabuluu kutuluka, mavu otsala kubalalika, kenako phokoso linakhazikika, lija lopepuka ngati makina osokera. Ndinalizindikira nthawi yomweyo. Ndi phokoso limene linkatidzutsa 3 koloko m'bandakucha bambo akunyamuka kupita kunyanja. Ndinapita kuseri kwa mtengo kukapukuta m'maso. Anthu a bawo anaimba m'manja, ndipo malume, amene anangopezeka alipo, anati, "Mlamu uja akanamva." Za Sienta sanatchulenso.

Loweruka, 21 Seputembala

Chimwemwe chinachepa titalumikiza thanki. Petulo anayamba kudontha pa mapayipi a mphira, ndipo pampu ya mafuta, ija ya pambali pa buloko, inkatayira petulo mu oyilo. Tinadziwa chifukwa oyilo anakwera pa ndodo n'kumanunkha petulo. Kachikopa ka mkati mwa pampu kanauma n'kung'ambika. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo izi zinayamba mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa, kwa aneba athu a ku Nkhotakota, inayamba kupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku sivutika nazo. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndiye akakhalitsa m'thanki amasiya madzi pansi, thanki n'kuchita dzimbiri, ndipo mphira wakale amauma. Thanki taitsitsa, tathiramo timiyala ndi palafini, anyamata aigwedeza mpaka dzimbiri lonse latuluka. Mapayipi onse ndi atsopano, pampu yatsopano, sefa ziwiri m'malo mwa imodzi. Oyilo tataya ngakhale anali wa sabata zitatu zokha.

Mabuleki: masita silinda ndi masilinda a kumbuyo asinthidwa, mafuta ake atsopano. Pamenepa sindinafune zokonzakonza. Matayala a 12 inchi olimba onyamulira katundu anandizunguza; opezeka msanga ndi ofewa, a tigalimoto ting'onoting'ono tochokera ku Japan. Ndawapeza ku Lilongwe, anayi, la sipeya lidikira mwezi wamawa. Mawaya amdala aluka okha atsopano kuyambira pa fyuzi mpaka kumagetsi akumbuyo.

Penti ndi yoyera, mtundu wake wakale. Chibowo cha pa chitseko cha kumbuyo, pamene ng'ombe inagunda pa Khombedza ndili Sitandade 6, ndawauza asawongole.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Mapepala atheka sabata yatha. Ndinatenga bulu buku, kalata yotsimikiza imfa ya bambo ndi chilolezo cha abale, ndipo ndinatsata zonse zimene a Road Traffic anandiuza mpaka dzina linasintha. COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi inshulansi zili pa galasi.

Lero ndi Tsiku la Anakubala, ndiye ulendo woyamba unali wa amayi. Anavala chitenje chatsopano, anakhala pampando wawo wakale, dzanja pa zenera monga ankachitira. Tinapita ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20, pang'onopang'ono chifukwa maling'i ndi atsopano. Panjira apolisi a pamsewu anatiimitsa. Wamkulu wawo ataona mapepala anafunsa chaka chake, kenako anaitana mnzake wachichepere kuti adzaone injini. Pa Senga Bay asodzi akuluakulu awiri anaizindikira asanandizindikire ine. Mmodzi anagwira bokosi la kumbuyo nati, "Iyi ndi ya malemu aja ankagula usipa m'mawa kwambiri." Amayi anacheza nawo pamchenga, ine ndikuyang'ana pansi ngati pali chodontha. Panalibe.

Pobwerera amayi anati, "Mwana wanga, giya yachiwiri ukuisintha mochedwa. Abambo ako ankasintha isanalire choncho." Ndasintha kayendetsedwe.

Zimene ndaona pa ulendowu: muvi wa kutentha unakhala pakati njira yonse ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Chiwongolero chili ndi mpata, chikukokera pang'ono kumanzere. Giya yachitatu ikulira ukachotsa phazi pa moto. Chitseko cha amayi chimafuna kumenya kawiri.

Loweruka, 2 Novembala

Ntchito yaima chifukwa cha mafuta. Mizere pa mafilingi siteshoni yafika patali, anthu akugona m'magalimoto, ndipo wa m'zigubu sindingathire mu injini imene ndangoitsuka kumene. Mtengo wa boma chaka chino cha 2024 ndi K2,530 pa lita, koma kuti umupeze ndiye nkhani. M'thanki mwatsala malita ngati 9, ndikusungira odwala. Lachinayi usiku anagogoda aneba, mwana watentha thupi, ndipo Datsun inalira kamodzi n'kuwafikitsa kuchipatala. Ndalemba m'kabuku.

Podikira mafuta tamanganso mabawuti a hedi, tayezanso mavavu injini ili yotentha, ndipo tasintha matayirodi, kukokera kumanzere kwatha. Giyabokosi amdala akuti ndi beyaring'i, ingayende chaka, koma ndiitanitsa Disembala. Bambo wa ku Lilongwe uja waimba, magalasi a mainjiketa wawapeza ndipo wakana kuti ndilipire.

Chatsala ndi Mvera. Yayenda makilomita 310 chidzukire, ndipo amdala akuti tidikire ikwane 800, tisinthe oyilo, ndiyeno tikwere. Tapangana kuti tidzanyamuka masana dzuwa lili pamutu, ndi matumba asanu ndi limodzi a mpunga kumbuyo, chifukwa kukwera yopanda kanthu m'mawa kukuzizira sikungatiuze chilichonse. Amdala adzakhala pambali panga ndi chigubu cha madzi ndi sipanala zawo. Malume anena kuti nawonso apita, akhala pa matumba.